Mutu waching'alang'ala ndi kutsika kwa maphunziro: lipoti la mtsikana wa zaka 16

Lipoti ili ndi la mtsikana wa zaka 16, wophunzira Fomu 3 pasukulu ina yasekondale yoyendera, amene mayi ake anabwera naye kuchipatala chathu cha m'boma chifukwa iwo pamodzi ndi aphunzitsi ankakhulupirira kuti nzeru zikumuthera. Mwanayu anali atavutika ndi mutu kwa zaka zitatu, koma chimene chinawadzutsa mayiwo kuti ayambe ulendo wa kuchipatala sichinali ululu wa mutuwo. Zinali zotsatira za mayeso a teremu, zomwe zinaonetsa kuti mwana amene ankakhala m'gulu la ophunzira asanu oyambirira tsopano watsikira kumunsi kwa kalasi. Ndalemba nkhaniyi mtsikanayo ndi mayi ake atavomera, ndipo ndachotsamo dzina, mudzi, sukulu ndi chilichonse chimene chingamuzindikiritse. Ndikufuna kuonetsa anzanga ogwira ntchito zachipatala, komanso aphunzitsi ndi makolo, momwe tingayankhire funso limene mabanja ambiri amakhala nalo mumtima ngakhale pamene sakulitchula, lakuti kodi mutu wobwerabwerawu ukuwononga nzeru za mwana kapena ayi.

Mbiri ya matenda

Mutu unayamba ali ndi zaka 13, patangopita miyezi yochepa atatha msinkhu. Poyamba unkabwera kamodzi kapena kawiri pamwezi, ndipo ukabwera unkatenga theka la tsiku kapena tsiku lathunthu. Anafotokoza kuti umagunda, umayambira pachipumi ndi m'mbali mwa mutu pafupi ndi maso, nthawi zina mbali imodzi, nthawi zina mbali zonse, ndipo umakula akawerama, akamayenda mofulumira kapena akasenza ndowa ya madzi. Umabwera ndi nseru, mwa apo ndi apo amasanza, ndipo kuwala kwa dzuwa ndi phokoso la m'kalasi zimamuzunza moti amangofuna kugona m'chipinda chamdima atadziphimba chitenje kumaso. Akapeza tulo ululu umatha, koma tsiku lotsatira amadzuka ali wofooka, mutu uli wolemera, ndipo akamawerenga amabwereza mzere umodzi kangapo asanamve tanthauzo lake.

Nditamufunsa ngati pali chimene amaona mutu usanayambe, anayamba wayang'ana mayi ake, kenako anaulula kuti maulendo ena amaona timizere tokhotakhota tonyezimira mbali imodzi ya zimene akuyang'ana, moti zilembo za pabolodi zimasoweka mbali imeneyo kwa mphindi pafupifupi 20, kenako maso amabwerera mwakale, mutu n'kuyamba. Zimenezi anali asanauzepo aliyense poopa kuti anthu amuyesa wamisala kapena wogwidwa ndi mizimu. Apa mpamene mayi ake ananena kuti nawonso akhala akudwala mutu wotere kuyambira pautsikana wawo, ndipo mayi awo owabereka ankadwalanso chimodzimodzi.

Zinthu zinasintha atakhoza bwino mayeso a JCE. Chifukwa cha kutalika kwa mtunda, anayamba kukhala m'kanyumba kalendi pafupi ndi sukulu pamodzi ndi anzake awiri, zimene ophunzira amazitcha selufu. Ankawerenga ndi tochi ya foni mpaka pakati pa usiku, n'kudzukanso 4 koloko m'mawa kuti awerengenso. Ankapita kusukulu osadya kanthu, chakudya choyamba n'kudzachiona akaweruka masana, ndipo ankapewa kumwa madzi chifukwa sankafuna kulowa m'zimbudzi za pasukulupo. Mutu unayamba kubwera pafupipafupi, iye n'kuyamba kugula mapiritsi pagolosale, nthawi zina panado, nthawi zina aja osakaniza mankhwala opha ululu ndi kafeini. Posakhalitsa anayamba kumwa mapiritsiwo m'mawa uliwonse mutu usanayambe, pofuna kuutchingira. Pa miyezi isanu yomaliza asanabwere kwa ife, ankamwa mapiritsi masiku oposa 20 pamwezi, ndipo mutu unali utasanduka wa pafupifupi tsiku lililonse, wongolemera osagunda, pamwamba pake n'kumabweranso mutu waukulu uja kawiri pasabata.

Anali atapatsidwapo LA katatu m'malo osiyanasiyana, kawiri konse popanda kuyezedwa magazi. Achibale anamutengeranso kwa sing'anga, amene anamutema mphini m'mbali mwa mutu, popeza ena pabanjapo ankaganiza kuti wina wa nsanje wamulodza chifukwa chokhoza bwino mayeso. Sindinadzudzule zimenezi, ndipo sindikuona phindu lodzudzula, chifukwa banjalo linkafunafuna thandizo kumene linkaganiza kuti lingalipeze. Chimene ndinatolapo n'chakuti mantha awo aakulu anali pa nzeru za mwanayo, ndipo chithandizo chilichonse chosayankha mantha amenewo sichikanatsatiridwa.

Ndinafunsa mwachifatse za malungo a muubongo ali wamng'ono, chifukwa kafukufuku wa ku Blantyre amene anafalitsidwa mu 2010 anaonetsa kuti ana ena amene apulumuka ku malungo otere amadzakhala ndi khunyu kapena mavuto a khalidwe ndi kakulidwe. Mwanayu sanadwalepo malungo okomoka nawo, sanagwepo khunyu, sanavulalepo m'mutu, ndipo alibe mphumu. Mayi ake atatuluka, ndinamufunsa payekha za nkhanza, chibwenzi, mimba, mowa, chamba ndi nkhawa ya fizi. Panalibe china chachikulu kupatula mantha oti akhumudwitsa makolo ake amene amagulitsa mbewu kuti iye aphunzire.

Kupima thupi

Thupi silinali lotentha, khosi linali lofewa, kuthamanga kwa magazi kunali 108/68, ndipo ankalemera makilogalamu 48. Maso onse awiri ankaona bwino pa tchati choyezera maso, 6/6 mbali zonse, ndipo nditaunika mkati mwa maso sindinapeze kutupa kwa mtsempha wa kuseri kwa diso, komwe kumasonyeza kuti m'chigaza muli chinthu chopanikiza ubongo. Mitsempha ya kumaso, mphamvu za manja ndi miyendo, kayendedwe, kuyenda moponda chidendene kutsogolo kwa zala ndiponso kuloza mphuno ndi chala maso ali otseka, zonse zinali bwino. Malungo sanapezeke, HIV sinapezeke atalandira uphungu, ndipo mimba inalibe. Mlingo wa magazi unali 10.6 g/dL, kutsikira pansi pa 12 amene bungwe la WHO limaika kukhala malire kwa atsikana a msinkhu wake. Pa mafunso a PHQ-9 a m'Chichewa, oyezera kukhumudwa, anapeza 8, kusonyeza kukhumudwa kochepa, ndipo analibe maganizo ofuna kudzipha.

Sindinamutumize kukajambulitsa mutu. Mwana amene wadwala mutu wobwerabwera kwa zaka, wokhala ndi zizindikiro zonse za mutu waching'alang'ala, amene pomupima mitsempha ndi maso sipanapezeke vuto, safunika sikani, ndipo kwa banja lotere ulendo wa kuchipatala chachikulu ukanadya ndalama za fizi ya teremu. Zikanakhala kuti mutu umamudzutsa usiku ndi kusanza kwa m'mamawa, kapena ukukulirakulira sabata ndi sabata popanda chifukwa chooneka, kapena pali kufooka kwa mbali imodzi, kuona zinthu ziwiriziwiri, kukomoka, kutentha thupi ndi kuuma khosi, kapenanso akanapezeka ndi HIV, ndikanamutumiza tsiku lomwelo.

Kuyesa kaganizidwe ndi zimene makope anaonetsa

Mayi ake anapempha kuti timuyeze nzeru, ndipo pempho limeneli liyenera kuyankhidwa mosamala. Mayeso odziwika oyezera nzeru, monga a Wechsler a ana a zaka 6 mpaka 16, amayerekeza mwana ndi gulu la ana a msinkhu wake amene anayesedwa pokonza mayesowo, ndipo pakatikati pake anaika 100. Magulu amenewo ndi a ku America, Britain ndi mayiko ena okhala ndi chilankhulo, sukulu ndi moyo wosiyana ndi wathu, choncho nambala imene mwana wa kumudzi kuno angapeze ingathe kutsika chifukwa cha Chingerezi ndi zithunzi zachilendo, osati chifukwa cha ubongo wake. Chida choyezera kakulidwe ka ana chimene chinakonzedwa kuno kwathu, MDAT, ndi cha ana aang'ono osapitirira zaka 6. Ndinawauza mayiwo kuti sindiwapatsa nambala ya nzeru za mwana wawo, chifukwa nambala yolakwika ikangotchulidwa imamumatirira mwana kwa zaka zambiri, kunyumba ndi kusukulu komwe.

Zimene ndinachita ndi zoyesa zazifupi za m'chipinda chopimira, zomwe ntchito yake ndi kuyerekeza mwanayo ndi iye mwini pa masiku osiyana. Tsiku loyambalo anali atadwala mutu waukulu dzulo lake ndipo anali atagona maola anayi okha. Pobwereza manambala amene ndinkatchula m'Chingerezi, monga momwe ophunzira amawerengera kusukulu, anafika pa manambala 5 motsatana ndi 3 mobwerera m'mbuyo. Pa mawu asanu amene ndinamuuza kuti asunge, anakumbukira atatu patatha mphindi zisanu, koma nditamupatsa poyambira anakumbukira onse, zomwe zimasonyeza kuti mawuwo analowa ndithu, chovuta chinali kuwatulutsa. Potchula mayina a nyama m'mphindi imodzi anatchula 11. Nkhani yaifupi imene ndinamuwerengera anaifotokoza molondola ndi mwadongosolo ngakhale ankachedwa kuyankha. Chithunzi chonse chinali cha munthu amene maganizo ake akuyenda pang'onopang'ono ndipo chidwi chake chikuduka, osati cha munthu amene wataya luso lomvetsa ndi kulingalira.

Mafunso a PedMIDAS, amene anakonzedwa ku Cincinnati mu 2001 pofuna kuyeza momwe mutu ukusokonezera moyo wa mwana pa miyezi itatu, anatiunikira kwambiri kuposa zoyesa zonsezo. Pa miyezi itatuyo anajomba kusukulu masiku 11 athunthu, anaweruka msanga kapena kufika mochedwa masiku 7, ndipo masiku ena 19 anakhala m'kalasi koma osatha kuchita ngakhale theka la zimene amachita ali bwino. Pamodzi ndi masiku amene analephera ntchito zapakhomo ndi zochitika zina, anapeza 60, ndipo kupitirira 50 kumatanthauza kusokonezeka kwakukulu. Kunena kwina, mwa masiku a sukulu pafupifupi 60 a nthawi imeneyo, masiku 37 anaonongeka.

Nditapempha, ulendo wotsatira anabwera ndi makope ake, ndipo ndikulimbikitsa aliyense amene akuona wophunzira wotere kuti apemphe makope. M'kope la masamu munali masamba olembedwa bwino, masamu okhoza ndi chizindikiro cha mphunzitsi, kenako mpata wa masiku angapo wopanda kanthu, kenako mutu watsopano wa phunziro umene iye anauyambira pakati. Maphunziro amene anatsika kwambiri anali masamu, fizikisi ndi kemisitiri, momwe phunziro la lero limakhazikika pa la dzulo monga mzere wa njerwa umakhalira pa unzake, pamene Chichewa ndi maphunziro ena amene munthu angathe kuwerenga yekha pambuyo pake sanatsike kwenikweni. Matenda owononga ubongo sasankha maphunziro motsatira masiku amene mwana anajomba.

Matenda amene tinapeza

Malinga ndi ndondomeko ya ICHD-3 ya bungwe la International Headache Society, ya mu 2018, imene imasiyanitsa mitundu ya matenda a mutu, mutu waching'alang'ala umadziwika munthu akadwala kasachepera kasanu mutu wotenga maola 4 mpaka 72, wokhala ndi ziwiri mwa zizindikiro zinayi izi, kukhala mbali imodzi, kugunda, ululu wapakati kapena waukulu ndi kukula munthu akamayenda, komanso wobwera ndi nseru kapena kusanza, kapena kudana ndi kuwala ndi phokoso. Kwa ana osafika zaka 18 nthawi imayambira pa maola 2, ndipo kawirikawiri mutu umagwira mbali zonse, chimene chimachititsa ambiri a ife kuuphonya. Timizere tonyezimira tija ndi chizindikiro chotchedwa aura, chimene chimatenga mphindi 5 mpaka 60 n'kutheratu, ndipo chimayamba chifukwa cha funde la kusintha kwa magetsi a muubongo limene limayenda pang'onopang'ono, pafupifupi mamilimita 3 pamphindi, monga anafotokozera Aristides Leão wa ku Brazil mu 1944. Mtsikanayu anali ndi mutu waching'alang'ala wa mitundu yonse iwiri, wokhala ndi aura ndi wopanda aura.

Pamwamba pa zimenezi anali ndi mutu wobwera chifukwa chomwa mankhwala opha ululu mopitirira muyeso. Ndondomeko yomweyo imati vutoli limakhalapo ngati mutu ukuwawa masiku 15 kapena kuposa pamwezi, munthu akumwa mankhwala wamba ngati panado masiku 15 kapena kuposa, kapena mankhwala osakaniza masiku 10 kapena kuposa, kwa miyezi yoposa itatu. Panalinso kuchepa kwa magazi, kusagona mokwanira ndi njala ya m'mawa, ndipo chilichonse mwa zitatuzi pachokha chimatha kuchepetsa chidwi cha wophunzira ngakhale alibe mutu.

Zimene ofufuza apeza pa nkhani ya nzeru

Mutu waching'alang'ala si matenda osowa. Kafukufuku wa padziko lonse wa Global Burden of Disease amauika pamalo achiwiri mwa matenda olepheretsa anthu kuchita ntchito zawo, ndipo kafukufuku wa khomo ndi khomo wa ku Zambia wa mu 2015 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu amadwala mutu umenewu. Atsikana amayamba kuchuluka kuposa anyamata akatha msinkhu.

Pa nkhani ya kaganizidwe, tiyenera kusiyanitsa nthawi ya kudwala ndi nthawi imene munthu ali bwino. Kudwala kumodzi sikuti ndi maola a ululu okha ayi. Pali nthawi yotsogolera, imene ingayambe masiku awiri mutu usanafike, pamene munthu amayasamula, amatopa ndipo amalephera kuika maganizo pamodzi, ndipo palinso nthawi yotsatira imene ingatenge masiku ena awiri ululu utatha. Pa nthawi zonsezi liwiro la kuganiza, chidwi ndi kukumbukira zimatsika, koma zimabwerera. Choncho wophunzira amene akudwala kawiri pasabata angathe kutha sabata yonse osapeza tsiku limodzi limene mutu wake uli mbee, ndipo mphunzitsi amene akumuona tsiku ndi tsiku sangalakwe kuganiza kuti mwanayo ndi wotero basi.

Kunja kwa nthawi ya kudwala, ana ambiri odwala mutu waching'alang'ala amapezeka ndi nzeru zofanana ndi za anzawo. Ofufuza ena amene anayesa magulu ang'onoang'ono a ana m'zipatala za mutu anapeza kutsika pang'ono pa luso la mawu, ena sanapeze kusiyana kulikonse. Kafukufuku wa ku Dunedin, ku New Zealand, amene anatsatira ana obadwa mu 1972 ndi 1973 mpaka atakula, ndi wofunika kwambiri pano. Zotsatira zake za mu 2002 zinaonetsa kuti amene anadzapezeka ndi mutu waching'alang'ala ali ndi zaka 26 ankachita motsikirapo pang'ono pa mayeso a mawu kuyambira ali ndi zaka 3, ambiri a iwo mutu usanayambe n'komwe, zomwe zikusonyeza kuti kusiyana kochepako sikunabwere chifukwa cha kudwala mobwerezabwereza. Kafukufuku wa mapasa a ku Denmark wa mu 2005 sanapeze kusiyana kwa kaganizidwe pakati pa odwala mutuwu ndi osadwala, ndipo wina wa amayi achikulire a ku America wa mu 2012 anapeza kuti odwala mutuwu sataya nzeru msanga kuposa anzawo. Pa maziko amenewa ndinatha kuwauza mayiwo mosazengereza kuti mutu wa mwana wawo sukudya ubongo wake, ndipo chimene chikumubwezera m'mbuyo ndi masiku amene akutaya.

Chithandizo

Ndinayamba ndi kufotokoza, ndipo ndinatenga nthawi yaitali pa zimenezi kuposa polemba mankhwala. Ndinawauza kuti matendawa ali ndi dzina, amayenda m'magazi a banja monga iwo eni anaonera kwa mayi awo, satheratu koma amagonjetseka, ndipo timizere tija si misala kapena mizimu. Mtsikanayo analira atamva zimenezi, ndipo ndikukhulupirira kuti kuchira kwake kunayambira pamenepo, chifukwa mantha oti akupenga anali akumusowetsa tulo.

Tinagwirizana kuti asiyiretu mapiritsi a pagolosale, ndipo ndinamuchenjeza kuti masiku oyambirira mutu ukula usanayambe kuchepa, chifukwa wodwala amene sanachenjezedwe amabwerera ku mapiritsi pa tsiku lachitatu. Pa mutu waukulu ndinamulembera brufen wa 400 mg, mogwirizana ndi mlingo wa 7.5 mpaka 10 mg pa kilogalamu umene malangizo a madokotala a ubongo a ku America a mu 2019 amavomereza, kuti amwe mutu ukangoyamba, atadya kanthu, osapitirira masiku awiri pasabata. Ana ambiri amadikira kuti ululu ufike pachimake asanamwe mankhwala, ndipo pamenepo mimba imakhala itayamba kuchedwa kugaya, mankhwala osalowa bwino. Mankhwala a gulu la triptan, amene amathandiza achinyamata ena amene brufen sawathandiza, sapezeka kawirikawiri m'zipatala za m'maboma. Pa kuchepa kwa magazi ndinamupatsa mapiritsi owonjezera magazi a ferrous sulphate kwa miyezi itatu ndi mankhwala a njoka za m'mimba, ndipo ndinamuuza kuti asamwere tiyi mapiritsi a magaziwo.

Pa kakhalidwe ka tsiku ndi tsiku tinayang'ana zimene zinali zotheka m'kanyumba ka selufu. Achinyamata a zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10, ndipo tinagwirizana kuti azigona 9 koloko usiku n'kudzuka 5 koloko, kuwerenga kwake kuzichitika masana akaweruka. Poyamba anakana poopa kuti atsalira, koma ndinamufotokozera kuti zimene munthu wawerenga zimakhazikika muubongo pa nthawi ya tulo, choncho kuwerenga usiku wonse n'kutaya zimene wawerengazo. Mayi ake analonjeza kutumiza ufa wa phala ndi mtedza kuti azidya asanapite kusukulu, ndipo anamugulira botolo la madzi. Ndinamupatsa kope laling'ono loti azilembamo tsiku lililonse ngati mutu wawawa, kukula kwake, mankhwala amene wamwa, maola amene wagona ndi masiku a kumwezi. Namwino wathu wa zamaganizo anamuphunzitsa kupuma mozama, kumasula minofu ndi kulimbana ndi maganizo oti walephera kale. Njira zoterezi zili ndi umboni, popeza kafukufuku wa mu 2013 wa achinyamata a zaka 10 mpaka 17 odwala mutu waching'alang'ala wokhalitsa anapeza kuti 66 pa 100 alionse mwa amene analandira uphungu wosintha maganizo ndi makhalidwe pamodzi ndi mankhwala oteteza mutu a amitriptyline anachepetsa masiku a mutu ndi theka, poyerekeza ndi 36 pa 100 mwa amene analandira mankhwalawo ndi maphunziro wamba a mutu.

Mankhwala omwa tsiku lililonse oteteza mutu sindinawayambe. Kafukufuku wa CHAMP, wofalitsidwa mu 2017, anayerekeza amitriptyline, topiramate ndi mapiritsi opanda mankhwala kwa ana a zaka 8 mpaka 17, ndipo amene masiku awo a mutu anachepa ndi theka anali 52, 55 ndi 61 pa 100 alionse motsatana, moti kafukufukuyo anaimitsidwa asanathe chifukwa mankhwalawo sanapose mapiritsi opanda mankhwala, koma anali ndi zovuta zambiri. Kwa mwana amene dandaulo lake ndi kaganizidwe, nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa amitriptyline amagonetsa ndi kutopetsa, pamene topiramate amadziwika kuti amachedwetsa kuganiza ndi kusowetsa mawu pakamwa, komanso angathe kuvulaza mwana wosabadwa. Sodium valproate, mankhwala ena oteteza mutu, sindimuganizira n'komwe kwa mtsikana wa msinkhu wobereka, chifukwa nayenso amavulaza mwana wosabadwa. Ndinamuuzanso payekha kuti chifukwa cha aura, tsiku limene adzafune njira yolerera asadzamwe mapiritsi okhala ndi estrogen, popeza amakweza chiopsezo cha sitiroko ndipo WHO imaletsa, koma jakisoni, kachipangizo ka pamkono ndi lupu angathe kugwiritsa ntchito.

Atavomera iye ndi mayi ake, ndinalembera kalata mphunzitsi wamkulu yofotokoza matendawa ndi kupempha kuti azimulola kumwa mankhwala mutu ukangoyamba, kukhala ndi botolo la madzi m'kalasi, kukhala kutali ndi zenera lowala kwambiri, kugona kwa kanthawi pamalo opanda phokoso m'malo mobwerera kunyumba, ndiponso kuti asamapatsidwe chibalo chifukwa chojomba podwala. Ndinalembamo momveka bwino kuti pomupima sitinapeze chosonyeza kuti nzeru zake zatsika, chifukwa momwe aphunzitsi amamuonera mwana zimakhudza momwe mwanayo amadzionera.

Zotsatira ndi zimene zatsala

Masabata awiri oyambirira anali ovuta monga tinayembekezera, koma sanabwerere ku mapiritsi a pagolosale. Patatha masabata 6, kope lake linaonetsa masiku 9 a mutu pa masabata anayi apitawo, ndipo mutu wolemera wa tsiku lililonse uja unali utatha. Tsiku limenelo anabwera ali bwino, atagona mokwanira, ndipo nditabwereza zoyesa zija ndi manambala ndi mawu ena atsopano, anafika pa manambala 7 motsatana ndi 5 mobwerera m'mbuyo, anakumbukira mawu onse asanu popanda thandizo, ndipo anatchula nyama 19. Gawo lina la kusinthaku lingachokere pa kuzolowera zoyesazo ndi kuchepa kwa mantha, ndipo zoyesa zimenezi si muyeso wa nzeru, komabe mayi ake anaona ndi maso awo kusiyana kwa mwana yemweyo pa masiku awiri osiyana, ndipo nkhani ya kulodzedwa sanaitchulenso.

Patatha miyezi itatu masiku a mutu anali 4 pamwezi, awiri mwa iwo ozungulira nthawi ya kumwezi, mlingo wa magazi unakwera kufika 12.1 g/dL, ndipo pa PHQ-9 anapeza 3. Patatha miyezi 6 PedMIDAS inatsika kuchoka pa 60 kufika pa 12, ndipo teremu imeneyo anajomba masiku awiri okha. Zotsatira za mayeso zinakwera mpaka kulowa m'gulu la ophunzira khumi oyambirira, koma masamu ndi kemisitiri zinatsalirabe, chifukwa mitu ya maphunziro imene anaiphonya sinabwerere yokha mutu utachepa. Mphunzitsi wa masamu anavomera kumuthandiza kulemba mndandanda wa mitu imeneyo kuti aziibwereza ndi mnzake wa m'kalasi masana, ndipo gawo limeneli ndimaliona kuti ndi lofunika mofanana ndi mankhwala.

Chaka chamawa akulemba mayeso a MSCE, ndipo nthawi ya mayeso ndi imene ophunzira amabwerera ku kuchezera usiku, kudumpha chakudya ndi kugula mapiritsi pagolosale. Tagwirizana kuti adzabwere Fomu 4 isanayambe ndiponso mwezi umodzi mayeso asanafike, kope lake lili m'manja. Ngati masiku a mutu adzapitirira 8 pamwezi kwa miyezi iwiri yotsatizana ngakhale akutsatira zonsezi, tidzakambirana zoyamba mankhwala oteteza mutu a propranolol, popeza alibe mphumu imene mankhwalawa amaikulitsa, kapena amitriptyline wa mlingo wochepa womwa usiku, ndipo tidzayamba nthawi ikadalipo kuti tione momwe akumukhudzira m'kalasi mayeso asanayandikire. Iye ndi mayi ake akudziwa kuti ayenera kubwera tsiku lomwelo ngati aura itenga nthawi yopitirira ola limodzi, ngati dzanja kapena mwendo wafooka, ngati mutu wayamba mwadzidzidzi ndi ululu umene sanaumvepo, kapena ngati wabwera pamodzi ndi kutentha thupi ndi kuuma khosi.